Mgonero wa ku Sevilla

Anthu anayi anapita kumsonkhano mumzinda wa Sevilla, ku Spain, atanyamula laputopu ya bungwe. Anabwerera ku Nairobi anayi omwewo, koma laputopu ayi. Ikanakhala laputopu wamba bwenzi atangogula ina, pajatu mabungwe akuluakuluwa sasowa pogwira. Koma imeneyi inali ndi mawu a mboni zimene zinaulula za mankhwala omwe ankasowa m'nkhokwe za bungwelo, ndipo mayi Dinah, mkulu wa nthambi, sanasunge mawuwo pena paliponse poopa maso a mu ofesi momwemo.

Ntchito yofufuza inagwera Lorna, mayi amene anayambira ku polisi ku Zomba asanabwere kudzafufuza milandu ya m'bungweli. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti anayi onsewo anali Amalawi. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola, ndipo anzake a mu ofesi anali atayamba kutsitsa mawu akamuona akubwera. Komiti yosungitsa mwambo inali yoti ikumane mawa lake, dzina lili kale pathebulo: Mtisunge, wamng'ono pa onse amene anapita. Akapezeka wolakwa, ntchito yatha, chilolezo chokhalira m'Kenya chatha, ndipo palibe bungwe lina limene lingamuyang'anenso.

Lorna anamupeza mtsikanayo m'kanyumba kake ka lendi ku Kilimani, maso ali psuu.

"Yambira pamene munatuluka mumsonkhano tsiku lomaliza," anatero Lorna asanakhale n'komwe.

"Tinatuluka dzuwa likadali pamwamba, tonse tili ndi njala. A Lusekero, a makompyuta aja, anati sitingachoke ku Spain tisanadye matapasi enieni."

"Matapasi n'chiyani?"

"Tizakudya ta m'timbale ting'onoting'ono. Kansomba apa, kanyama apo. Ndimangomva, ine sindinationeko."

"Chifukwa?"

"Tinayenda, asisi. Paliponse pamene taima, a Lusekero akuti apa ayi. Ine ndinali nditavala nsapato zatsopano, mapazi onse matuza okhaokha. Ndinapepesa n'kubwerera kuhotela."

"Kiyi wachiwiri wa chipinda cha madamu Dinah, mmene munali laputopu, ali m'chikwama mwako."

"Anali ndi ine sabata yonse. Ndine ndinkatumidwa kukatenga mapepala."

Izi Lorna ankazidziwa kale. Wolandira alendo pahotelapo anakumbukira mtsikana wolowa pakhomo lalikulu nsapato zili m'manja. Panalinso khomo lina kuseri lotsegula ndi kiyi wa chipinda, koma kumeneko kunalibe munthu wolondera.

"Utakwera unatani?"

"Ndinaviika mapazi m'madzi n'kugona ndi njala. Ndinadzutsidwa ndi kukuwa kwa madamu kuti laputopu palibe."

"Alipo anakuona uli m'chipinda chako?"

Mtisunge anangopukusa mutu. Kenako anati, "Mayi anga ndawauza kuti ndili pa tchuthi. Mawa ndikawauza chiyani?"

Lorna anatsanzika n'kutuluka. Potsika masitepe ankangoganiza kuti wakuba sadzera pakhomo lalikulu atanyamula nsapato m'manja. Koma komiti siidya maganizo a munthu, imafuna umboni.

*

Msewu wa Ngong unali utatsekeka ngati masiku onse. Lorna anafika ku Karen khosi litauma, askari n'kumuimikanso pageti ngati wabwera kudzapempha ganyu. Mayi Dinah anamulandirira pakhonde, kapinga atatambalala kutsogolo kwawo. Anali mkulu wa mpingo, mayi woti akatsokomola kwaya imasiya kuimba.

"Lorna, my dear, zonse ndinanena kale. Kiyi wanga sanandichoke. Anali m'thumba la jekete yanga."

"Mtisunge atabwerera, munatsala atatu."

"Kwa kanthawi. A Maurice nawonso anatopa, anati akadya okha. Bambo wamkulu ngati uja sungamuyendetse mzinda wonse chifukwa cha timbale."

"Ndiye inu ndi a Lusekero munapita kuti?"

"Tinangoyendayenda."

"Mpaka liti?"

"Mpaka tinabwerera."

"Munadya kuti, madamu?"

Mayi Dinah anakonza khushoni imene inali yokonzeka kale. "Is that relevant? Ine ndi amene ndinaberedwa. Mwana uja ndinamukhulupirira ngati wanga, ndiye taonani."

"Ndangofunsa kumene munadya."

"Sindikumbukira dzina. Mayina awo aja ndi ovuta."

Lorna anawayang'ana. Mayi amene amakumbukira vesi ndi chaputala chomwe, lero aiwala kumene anadya sabata yatha? Anatsanzika mwaulemu, koma mumtima anali atatsimikiza kuti madamu akubisa kanthu. Chinamusowetsa mtendere n'chakuti sanadziwe ngati kanthuko kakukhudza laputopu.

*

Ku Parklands anapitako mtima uli pansi, chifukwa kumeneko kunali kwawo. A Maurice, oyang'anira nkhokwe za bungwelo, ndiwo anali ankhoswe ake. Amalume ake enieni atamwalira, iwo ndiwo anaimirira pa chinkhoswe chake. Chaka chatha mwamuna wake Percy atalongedza zovala, a Maurice ndiwo anawakhazika pansi awiriwo mpaka sutikesi inabwerera pamwamba pa wadilopu. Lorna anali atauza komiti za ubalewu, koma iwo anati palibe vuto, bamboyo ndi mboni chabe.

"Wapolisi wathu wafika! Bessie, bisa nkhuku!" anafuula a Maurice akutsegula chitseko. Akazi awo anaseka ali kukhitchini.

"Amalume, lero ndabwera ndi mafunso."

"Funsa, mwanawe. Wopanda mlandu saopa bwalo."

"Mutasiyana ndi madamu munapita kuti?"

A Maurice anawongola miyendo. "Ndinawasiya akungozungulira. Lusekero sabata yonse ankangoimba kuti kwa Curro, kwa Curro, kulibe malo ena abwino kuposa kwa Curro. Koma kupeza njira yake, ng'oo! Ine ndinangoimitsa takisi, kutchula dzina, basi ndafika. Anyamata a mafoni analephera, nkhalamba inakadya."

"Kunali bwanji?"

"Malo aulemu, mwanawe. Mnyamatayo sananame. Nsalu zoyera pamathebulo, pansi poti ungadyerepo. Weta anandikokera mpando. Ndinadya nthawi ya anthu, dzuwa lisanalowe, nsomba ndi mpunga. Ndinatuluka kukuyamba kuda, n'kuyenda pang'onopang'ono kubwerera kuhotela."

"Risiti muli nayo?"

"Anandipatsa kapepala, koma ndani amasunga zimenezo? Ndinalipira za m'thumba mwanga."

Kenako anatsitsa mawu. "Lorna, mwana uja musamuphe. Ulembe kuti anataya mosazindikira. Ntchito ithe, inde, koma za polisi ayi. Ndidzamufunira kenakake ku Lilongwe. Kwa eni kuno tisamavulane tokhatokha."

Lorna anatuluka mtima utapepuka pang'ono. Pa anthu onse amene anawafunsa tsikulo, amalume okha ndiwo anayankha mosazungulira, ndipo okha ndiwo anamvera chisoni Mtisunge. Anatsala Lusekero, koma kwa iye ankangopita kuti asadzanenedwe kuti anadumpha mboni.

*

Lusekero sanali kunyumba. Mlonda analoza kuseri kwa mafulati, kumene kunali kibanda, kamalo kodyera ka malata. Anali momwemo, tayi ataponya paphewa, akunyema chapati ndi nyemba. Mnyamatayu anali katswiri wa makompyuta, koma Mulungu akanamufunsa maganizo bwenzi atasankha kukhala m'khitchini.

"Asisi Lorna! Karibu. Mama, ongeza chapati mbili! Apa ndiye pali chakudya, osati m'mamolo mwanumo."

"Sindikudya. Ndiuze za tsiku lomaliza ku Sevilla."

"Eee, tsiku limene lija! Mukudziwa, anthu akwathu sadziwa kufuna malo odyera. Akaona zithunzi za chakudya pakhomo, iwo ndiye afika. Ine ndimati thawani! Akaona munthu waima panja akukuitanani mu Chingelezi, iwo akuti ulemu. Ulemu wa chiyani? Chakudya chabwino sichiitana munthu, asisi. Umasuzumira kaye. Ukaona nkhalamba za komweko zitadzaza, zikukangana, pansi pali..."

"Lusekero. A Maurice atachoka, inu ndi madamu munapita kuti?"

Chapati inaima m'malere. "Madamu akuuzani chiyani?"

"Akuti munangoyendayenda."

"Ndiye tinangoyendayenda."

"Mtisunge akuchotsedwa ntchito mawa."

Lusekero anayang'ana m'mbale. Anapukuta zala pang'onopang'ono. "Anandilumbiritsa, asisi. Anati nkhaniyi ikafika kumpingo ndidzaona polekera."

"Ine si wa kumpingo kwawo."

"Sawa. Tinakapeza kwa Curro."

Lorna anakhala pabenchi osadziwa kuti wakhala. "Munakapeza?"

"A Maurice atangokhota, ife kulowa kanjira kena, ndi apo! Tinali titadutsapo kawiri osaona, chifukwa chikwangwani chake n'chochepa ngati chikhatho. Koma chitseko chachitsulo chili chotsitsa. Kutseka! Gogo wina ali pakhonde m'mwamba anatilozera kumwamba, kenako pansi, kutanthauza kuti mpaka dzuwa lilowe. Ndi pamene ndinazindikira kulakwa kwanga. Anthu aja nthawi imene ife timadya mgonero, iwo moto sanakoleze. Malo onse abwino amakhala otseka. Amayamba kudya ife titayamba kuyasamula."

"Ndiye munatani?"

"Tinakhala pa sitepe moyang'anana ndi chitsekocho. Madamu anati sasunthanso. Njala inawapweteka mpaka anathyola lalanje la mumsewu, mitengo yake ili ponseponse kumene kuja. Kuluma kamodzi, nkhope yonse kukwinyika! Owawa ngati kwinini. Ndinaseka mpaka..."

"Simunachokepo?"

"Ngakhale pang'ono. Chitseko chinakwezedwa ife tikuona, kunja kutada. Oyamba kulowa tinali ife."

Kunja njinga zamoto zinkalira, mayi wa kibanda akukangana ndi kasitomala.

"M'katimo munali bwanji?"

"Kakang'ono ngati kibanda chino. Mumadya choimirira, ngati pa chiwaya ku Ndirande. Posakhalitsa munadzaza, phewa ndi phewa. Munthu akapukuta pakamwa, kapepala amangoponya pansi. Nthangala za maolivi pansi, makoko a nkhanu pansi. Madamu anafuna kuthawa, ine ndinati ayi, pansi pakada ndiye kuti anthu amadya. Ndiye kunabwera timbale! Nsomba zokazinga, mchira wa ng'ombe wofewa ngati..."

"Mipando?"

"Ngakhale umodzi."

"Nsalu zoyera pamathebulo?"

Lusekero anaseka mpaka kutsamwa. "Mathebulo ake ati? Pali kauntala basi. Ngakhale bilu salemba papepala, amalemba ndi choko pakauntala pomwepo, mukalipira n'kufufuta ndi dzanja. Ndiye chimene madamu akubisa n'chakuti anawapatsa kavinyo m'kagalasi kakang'ono. Anati n'ka mankhwala. Kachitatu anayamba kuphunzitsa azungu nyimbo ya kwaya. Chonde, asisi, zisatuluke."

"Mumzindamo mulibe malo ena a dzina lomwelo?"

"Ndinafufuza ndisananyamuke. Curro ndi mmodzi yekha."

Lorna anafunsa funso lotsatira akulakalaka atapanda kulifunsa. "Jekete ya madamu. Anavala tsiku lonse?"

"Pa kutentha kuja? Anavula tisanapite patali. A Maurice anawanyamulira, mukudziwa ulemu wawo uja." Lusekero anaima kaye. "Ndipotu anapita nayo. Anadzabweza ife titafika kuhotela, akuti anaiwala kuti ili pamkono. Bwanji, asisi? Mwadwala?"

Lorna anali atatuluka kale.

*

Galimoto anaisiya pomwepo. Misewu inali itadzaza anthu oweruka, ndipo iye sakanatha kukhala pa chiwongolero akuwerenga nambala za maminibasi. Anaimitsa boda, njinga yamoto ya hayala, kutchula Parklands, osafunsa n'komwe mtengo. Njira yonse ankafunafuna pothawira. Mwina takisi inawasiya pamalo ena. Mwina anasokoneza dzina. Koma munthu wosokoneza dzina sanena kuti mnyamatayo sananame. Ndipo mankhwala amene ankasowa aja, ankasowa m'nkhokwe za yani? Funso limeneli linali pamphuno pake kuyambira tsiku loyamba, iye n'kumaliyang'ana kumbali. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo Lorna anamva manyazi kuti mkhatewo anali iyeyo.

A Maurice anatsegula okha. Ataona nkhope yake sanachitenso nthabwala. Anamulowetsa pabalaza n'kutsitsa wailesi ya kanema.

"Amalume, kwa Curro kuja munakhala pampando wotani?"

"Funso lanji limenelo?"

"Kulibe mipando. Kulibe mathebulo, kulibe nsalu, sapereka risiti. Ndipo nthawi imene mukuti munkadya, chitseko chinali chotseka. Madamu ndi Lusekero anakhala pakhomo pomwepo mpaka kunada."

A Maurice anakhala pampando. Kukhitchini kunkamveka mbale.

"Anakapeza?" anafunsa motsitsa.

"Anakapeza."

"Dinah sananene."

"Anali ndi chifukwa chake."

Bamboyo anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi chikhatho. "Malo otchuka chonchija, anthu n'kumadya choimirira? Azungu ndi ndalama zawo zonse zija?" Anapukusa mutu ngati amene walakwiridwa ndi iye. "Ndinkayesa malo abwino ndi abwino kulikonse."

"Kiyi anali m'jekete. Munadzera khomo la kuseri. Laputopu ili kuti?"

"Mumtsinje wa kumeneko. Usavutike."

Lorna ankayembekeza kuti akana, akalipa, amuthamangitsa. Kuvomera kofewaku kunamupweteka koposa.

"Tamvera, mwanawe," anatero a Maurice akusendera pafupi. "Zimene wamvazi wamva ndiwe wekha. Lusekero sakudziwa chimene wanena. Ine ndatsala pang'ono kupuma ntchito. Ndikagwa pano sindidzukanso, ndipo anti ako sakudziwa kanthu. Mtisunge ndi mwana, adzapeza pena. Ndalonjeza kale kuti ndimuthandiza."

"Mumuthandiza atanyamula dzina la wakuba."

"Dzina limatsukika." Mawu awo anauma pang'ono. "Lorna, pamene Percy anagwira chitseko chaka chatha, unaimbira ndani? Mawa zikadzavutanso kunyumba kwako, udzagogoda pati? Kuno ulibe wina."

Zinali zoona, ndipo Lorna anachita mantha. M'Nairobi monse munalibe khomo lina limene akanalowa osagogoda.

Nthawi yomweyo mayi Bessie anatulukira ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda, thaulo lili paphewa. Anagwada pang'ono pamaso pa Lorna monga ankachitira ndi mlendo aliyense, wamkulu kapena wamng'ono.

"Samba, mwanangu. Masana unathawa, pano sundithawanso."

Lorna anayang'ana madziwo. Manja ake anali pamiyendo, ndipo anakhala pomwepo.

"Pepani, anti. Lero sindidya."

"Iii, wakhuta chiyani? M'nyumba muno unayamba wakanapo chakudya iwe?" Mayi Bessie anayang'ana amuna awo akuseka, koma kusekako kunazima pang'onopang'ono. "Bambo, chachitika n'chiyani?"

A Maurice anavalanso magalasi. "Msiye, Bessie. Lero sanabwere ngati mwana wathu."

Lorna anaimirira. Anafuna kunena mawu ena, oti zikomo pa zonse kapena oti mundikhululukire, koma anangotuluka. Anatseka chitseko pang'onopang'ono, mayi Bessie akadali chigwadire ndi jagi m'manja.

Pansi pa mafulati, pafupi ndi geti, anatulutsa foni. Mtisunge anayankha isanalire kawiri.

"Asisi?"

"Mawa ubwere ku ofesi. Udzere pakhomo lalikulu, ukakhale pa desiki yako."

Kunamveka kupuma kwamphamvu, kenako kulira kosabisa. Lorna anadikira.

"Ndiye anatenga ndani, asisi? Mwamupeza?"

Lorna anayang'ana m'mwamba. Pawindo la pabalaza paja nyali inali itayaka, koma palibe amene anasuzumira.

"Ndamupeza," anatero. "Ndi m'bale wanga."